Zilembo za kwa Kyungu ndi mbiri ya zigamba za pakompyuta

Munthu amene waphunzira zilembo za Mwangwego akafuna kulemba nazo pakompyuta, amayamba wagwira ntchito imene wolemba Chingelezi sanaiganizepo n'komwe. Ayenera kusaka fonti ya zilembozo n'kuilowetsa yekha m'makina ake, kenako asakenso kiyibodi yogwirizana ndi fontiyo. Zonse zikakhala m'malo, zilembo zimatuluka bwinobwino ndipo akhoza kusindikiza kalata kapena buku. Vuto limabuka akatumiza zolembazo kwa mnzake amene makina ake sanakonzedwe chimodzimodzi. Mnzakeyo amangoona mzere wa timabokosi topanda kanthu, kapena zilembo za Chilatini zosokonekera zosamveka mutu wake. Windows, Android ndi Linux zimachoka kwa eni ake zisakuzidziwa zilembo zimenezi, choncho aliyense wozifuna amakonza makina ake payekha.

Mwini zilembozi, a Nolence Mwangwego, anabadwa mu 1951 m'boma la Mwinilunga ku Northern Rhodesia, koma kwawo kwenikweni ndi ku Karonga, m'mudzi wa Yaphet Mwakasungula, m'dera la Kyungu. Anagwira ntchito ya uphunzitsi wa Chifalansa zaka zambiri ku Blantyre. Maganizo opanga zilembo anawafikira mu Novembala 1977 ali ku Paris, ataona kuti mitundu yambiri ya anthu ili ndi kalembedwe kakekake. Anayamba ntchitoyo mu Epulo 1979 ndipo anaimaliza pa 7 Epulo 1997, patatha zaka 18 akusintha ndi kufewetsa maonekedwe a zilembo. Kumapeto kwa chaka chomwecho analongedwa ufumu wa mudzi wa kwawo. Zilembozo zinakhazikitsidwa pamaso pa anthu mu 2003.

Kalembedweka kanapangidwa poganizira zilankhulo za m'Malawi, kuphatikizapo zimene zimamveka tsiku lililonse pamsika wa Karonga ndi pachipata cha Songwe: Kyangonde, Chitumbuka, Chindali, Chilambya ndi Chichewa. Maziko ake ndi zilembo 32 zotchedwa misisi, chilichonse chikuimira phatikizo lothera ndi liwu la a. Timizere totchedwa masiri timasintha liwulo kukhala e, i, o kapena u, pamene zizindikiro zotchedwa mituyo zimasonyeza maliwu ena monga amene timawamva mu mba, nda ndi pha. Munthu wa cholembera ndi pepala akhoza kuyamba lero. Koma kompyuta sidziwa chilembo ndi maonekedwe ake. Imachidziwa ndi nambala, ndipo manambala amenewo amagawidwa ndi bungwe la Unicode Consortium, lomwe likulu lake lili ku California.

Olemba Chitumbuka anachita mwayi pankhani imeneyi, ngakhale mwayiwo sunakonzedwere iwo. Chilembo cha ŵ, chimene chimapezeka m'mawu monga ŵanthu komanso m'dzina la Malaŵi, munalibe mumndandanda wa ASCII wa 1963 umene unali ndi malo 128 okha. Munalibenso mu Latin-1, mndandanda umene unatumikira zilankhulo za kumadzulo kwa Ulaya. Koma chilankhulo cha ku Wales nacho chimagwiritsa ntchito chilembo chomwechi, ndipo Unicode itayamba mu 1991, ŵ anali ndi nambala yake. Zilembo za Mwangwego zilibe mnansi wotere wozinyamula. Opanga mafonti a kalembedwe kosalandiridwa amakhala ndi njira ziwiri. Akhoza kubwereka manambala a zilembo za Chilatini, kapena kutenga malo m'chigawo cha manambala 6,400 chimene Unicode inasiya dala kuti aliyense agwiritse ntchito mmene wafunira. Njira zonse ziwiri zimagwira ntchito pamakina amene akonzedwa basi.

Akatswiri a mapulogalamu amaudziwa bwino moyo woterewu, ndipo akhala nawo kuyambira kompyuta zisanakhale ndi sikirini. Pa makina a Harvard Mark I, amene anayamba ntchito mu 1944, malangizo ankalembedwa poboola timabowo pa pepala lalitali ngati lamba. Bowo likalakwika, ankamatapo kachigamba n'kuboola pena. Pambuyo pake makampani ankatumizira makasitomala awo zidutswa za lamba wotere kuti adule gawo lolakwika n'kulumikizapo latsopano. Kasitomala ndiye ankagwira ntchito yosoka.

Luso limeneli linafika pachimake pamene mapulogalamu anayamba kufalitsidwa pamodzi ndi source code, kutanthauza mizere ya malangizo imene munthu amalemba ndi kuwerenga isanasandutsidwe chilankhulo cha makina. Ku Bell Labs, m'zaka za m'ma 1970, Douglas McIlroy ndi James Hunt anapanga kapulogalamu kotchedwa diff, kamene kamayerekeza mafayilo awiri n'kutulutsa mizere yosiyana yokha. Mu 1985 Larry Wall anatulutsa mnzake wa kapulogalamuka, wotchedwa patch, amene amatenga mndandanda wa zosiyanazo n'kuzisokera mufayilo yakale. Kuyambira pamenepo munthu sankafunikanso kutumiza pulogalamu yonse. Ankangotumiza chigamba.

Chigamba cha masiku ano ndi kafayilo kooneka wamba. Mzere woyenera kuchotsedwa umayamba ndi chizindikiro chochotsera, mzere watsopano umayamba ndi chizindikiro chophatikiza, ndipo pamwamba ndi pansi pamakhala mizere itatuitatu yosasintha yothandiza kupeza malo ake. Nzeru ya Wall inagona pa mizere yozungulirayo. Ngakhale fayilo itatalika kapena kufupika, patch imasakasaka mpaka itapeza pamene mizereyo ikugwirizana. Ikalephera, imataya gawo lokanikalo mufayilo ina yothera ndi .rej, ndipo munthu amayenera kukhala pansi n'kulisoka ndi manja. Akamaliza amamanganso pulogalamu yonse kuchokera ku source code, ntchito imene pa makompyuta a nthawi imeneyo inkatha maola, kenako amazimitsa makina n'kuwayatsanso kuti aone ngati adzuke.

Linux yeniyeniyo inabadwa m'nyumba ya zigamba. Mu 1987 Andrew Tanenbaum, mphunzitsi wa pa Vrije Universiteit ku Amsterdam, anatulutsa Minix, operating system yaing'ono yophunzitsira ophunzira ake mmene pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina onse imagwirira ntchito. Anthu anaikonda ndipo anayamba kuiwonjezera zinthu, koma Tanenbaum ankakana zambiri mwa zowonjezerazo pofuna kuti ikhalebe yaing'ono, yoti wophunzira aimvetse m'teremu imodzi. Chilolezo cha kampani yosindikiza ya Prentice Hall sichinkalolanso munthu kugawa Minix yosinthidwa, kotero zosintha zinkayenda ngati zigamba. Zotchuka kwambiri zinali za Bruce Evans wa ku Australia, zothandiza Minix kugwiritsa ntchito mphamvu zonse za purosesa ya Intel 386. Mnyamata wina wa ku Helsinki, Linus Torvalds, atagula kompyuta ya 386 kumayambiriro kwa 1991, anaika Minix n'kusokerapo zigamba za Evans. Pa 25 Ogasiti chaka chomwecho analengeza kuti akulemba operating system yakeyake.

Zofanana nazo zinachitika kawiri m'zaka zotsatira. William ndi Lynne Jolitz atatulutsa 386BSD mu 1992, ogwiritsa ntchito anasonkhanitsa zokonza zawo kukhala mtolo umodzi wa zigamba chifukwa eni ake ankachedwa kuzilandira, ndipo mu 1993 mtolowo unabala NetBSD ndi FreeBSD. Nayo seva ya Apache, imene kwa zaka zambiri inanyamula mawebusaiti ochuluka kuposa ina iliyonse, inayamba mu 1995 ngati zigamba zimene anthu ochepa ankagawana Rob McCool atasiya ntchito ku bungwe la NCSA n'kusiya pulogalamu yake yopanda woisamalira. Zigamba zikachuluka mwini wake osazilandira, anthu ankapatuka n'kuyamba mudzi wawo.

Sikuti aliyense ankapatuka. Ambiri ankangonyamula chigamba chaka ndi chaka, ndipo apa m'pamene pali mtolo weniweni. Linux yatsopano imatuluka pakatha milungu 9 kapena 10 iliyonse. Ikangotuluka, chigamba chimene eni ake sanachilandire chimatsalira kunja, ndipo wochifuna amayenera kuchisokanso pansalu imene yasintha. Chili ngati chigamba cha pachubu cha njinga: chimakufikitsa kunyumba, koma ukagula chubu chatsopano sichisamuka chokha. Con Kolivas, dokotala wogonetsa odwala pa opaleshoni ku Melbourne, anakhala zaka zambiri akukonza zigamba zothandiza kuti kompyuta ya panyumba isamadodome munthu akamaonera kanema uku akuchita zina. Anthu ambiri ankazisokera pamakina awo. Mu 2007 eni Linux anasankha njira ina yolembedwa ndi Ingo Molnár, ndipo Kolivas anasiya ntchitoyo mokhumudwa. Anabwereranso mu 2009, koma zigamba zake zazikulu zinakhalabe kunja mpaka anasiyiratu mu 2021.

Gulu lina linapirira mpaka linalowa. Zigamba zotchedwa PREEMPT_RT, zimene zimathandiza Linux kuyankha panthawi yake yeniyeni m'makina a m'fakitale, maloboti ndi zida zojambulira mawu, zinayamba chapakati pa zaka za m'ma 2000 m'manja mwa Molnár, Thomas Gleixner ndi Steven Rostedt. Makampani ankazidalira, koma aliyense ankazisoka yekha. Zinkalandiridwa pang'onopang'ono, chidutswa ndi chidutswa, ndipo gawo lomaliza linalowa mu Sepitembala 2024, patapita zaka pafupifupi 20. Ku Vienna, Gleixner anapereka pempho lomalizalo kwa Torvalds litasindikizidwa papepala n'kukulungidwa m'pepala lagolide ngati mphatso.

Kuchedwa kwa eni pulogalamu kumakwiyitsa, koma sikuti nthawi zonse kumachokera ku mwano. Chigamba chimene sichinaunikidwe ndi anthu oidziwa bwino pulogalamuyo chikhoza kuwononga mwakachetechete. Mu 2006 chigamba chaching'ono chinaikidwa pa OpenSSL ya mu Debian, mtundu wina wa Linux, pofuna kuthetsa machenjezo amene chida choyesera mapulogalamu chinkatulutsa. Mizere imene inachotsedwa ndi imene inkathandiza kupanga makiyi achinsinsi osalotereka. Kwa zaka pafupifupi ziwiri, makompyuta a Debian ndi Ubuntu ankasankha makiyi awo pa manambala 32,768 okha, ochepa kwambiri moti wakuba akanatha kuwayesa onse. Luciano Bello wa ku Argentina ndiye anatulukira vutoli mu Meyi 2008, ndipo anthu padziko lonse anayenera kupanganso makiyi awo. N'chifukwa chake wodziwa ntchito amayamba wawerenga chigamba mzere ndi mzere, amasunga pulogalamu yakale kuti akhale ndi pothawira makina akakana kudzuka, ndipo amalemba penapake chimene wasintha kuti wobwera pambuyo pake asasochere.

Ku Malawi kuno, chitsanzo chodziwika cha kukonza makina a eni ake kuti agwire ntchito ya kwathu chinachitikira m'chipatala. Mu 1999 kampani ya Netpliance ku America inayamba kugulitsa kamakina kotchedwa i-Opener pamtengo wotsika, poyembekeza kuti phindu lidzachokera ku malipiro a intaneti a mwezi ndi mwezi. Chakumayambiriro kwa 2000, katswiri wina dzina lake Ken Segler anaonetsa kuti kamakinako kakhoza kutsegulidwa n'kusandutsidwa kompyuta wamba. Malonda a kampaniyo anagwa, ndipo timakinato tinatsika mtengo. Gerry Douglas, amene anayambitsa Baobab Health, anaona mwayi pamenepo. Gulu lake linkagula timakinato, n'kutiika sikirini yogwira ndi chala, n'kutikonza kuti tizilandira magetsi kudzera m'chingwe cha netiweki kuchokera ku mabatire, kuti ntchito isaime magetsi akazima. Tinayamba kugwira ntchito mu 2001 pachipatala chachikulu cha Lilongwe, chimene tsopano ndi Kamuzu Central Hospital. Pofika 2010, pulogalamu ya Baobab yothandiza kutsata odwala olandira ma ARV inkatumikira anthu oposa 40,000. Palibe ku Netpliance amene anakonzera namwino wa ku Lilongwe makinawo. Gulu la Baobab ndilo linawatsegula n'kuwasintha, ndipo anyamata ndi atsikana a ku Malawi anaphunzirirapo ntchito yolemba mapulogalamu.

Komabe makina a m'chipatala ali ndi mwayi umene zilembo zilibe. Chipatala chikhoza kukonza makompyuta ake onse mofanana, n'kulemba ntchito munthu wowasamalira, ndipo zolembedwazo zimazungulira m'nyumba momwemo. Zilembo ntchito yake ndi kuyenda. Kalata yochokera ku Kaporo iyenera kuwerengeka ku Chilumba, ku Nsanje ndi ku Johannesburg, pafoni ya munthu amene sanamvepo za fonti. Kuika fonti si kusoka source code, n'zoona, koma wozichita amasenza katundu yemweyo: zimene wakonza zimathera pamakina ake, akagula makina ena amayambiranso, ndipo opanga mafonti awiri akapatsa chilembo chimodzi manambala osiyana, zolemba za wina sizitseguka kwa mnzake. Google siingasake mawu olembedwa motero. Choipa kwambiri n'chakuti Amalawi ambiri amalemba pafoni osati pakompyuta, ndipo mafoni ambiri salola mwini wake kulowetsa fonti yatsopano yoti igwire ntchito mu WhatsApp ndi Facebook. Mphunzitsi wa ku Karonga wokhala ndi laputopu akhoza kuzipirira zonsezi. Kwa mlimi wa mpunga wa kilombero amene ali ndi foni yokha, chitseko n'chotseka.

Zilembo zina za mu Africa zinadutsa njira yomweyi, ndipo zaka zake zimasonyeza kutalika kwa ulendowo. Zilembo za ku Ethiopia, zakale zaka mazanamazana, zinalowa mu Unicode mu 1999, ndipo zisanalowe, olemba Chiamhariki ankavutika ndi mafonti ambirimbiri osamvana. N'Ko, kalembedwe kamene Solomana Kanté wa ku Guinea anapanga mu 1949, kanalandiridwa mu 2006. Vai ya ku Liberia inalowa mu 2008. Garay, yopangidwa ndi Assane Faye wa ku Senegal mu 1961, inadikira mpaka Unicode 16.0 ya Sepitembala 2024. Mu mndandanda wa chaka chimenecho munalowa mitundu 7 ya zilembo, koma za Mwangwego munalibe.

Pempho loti zilowe linalembedwa kalekale. Mu 2012 Michael Everson, katswiri amene wathandiza mitundu yambiri ya zilembo kulowa mu Unicode, anapereka chikalata chofotokoza kalembedwe ka Mwangwego. Ntchito zotere zimathandizidwa ndi Script Encoding Initiative, yomwe Deborah Anderson anayambitsa mu 2002 pa yunivesite ya California ku Berkeley. Komiti yoona zilembo imachita zinthu mosamala pachifukwa chomveka: chilembo chikapatsidwa nambala ndi dzina, lamulo la Unicode sililolanso kuchichotsa kapena kuchisintha mpaka kalekale. Choncho komitiyo imafuna umboni wakuti maonekedwe a zilembo anakhazikika, ndiponso kuti pali anthu ena, osati mwini wake yekha ndi ophunzira ake ochepa, amene amalemberana nazo makalata, mabuku ndi zikwangwani.

Apa ndi pamene nkhaniyi imawawa. Umboni umene komiti imafuna ndi zolemba zochuluka, koma masiku ano zolemba zimachuluka pafoni, ndipo foni siilola zilembo zimene komiti sinazilandire. Anthu amene amasoka zigamba pamakina awo, amene amaphunzitsa anzawo pabolodi, amene amalemba pamanja ndi kusindikiza timabuku, ndiwo okha angatulutse umboniwo. A Mwangwego iwo eni analemba buku la Chichewa lotchedwa A Malawi Tili Pati m'zilembo zawo, ndipo anthu amene anawaphunzitsa anapitiriza kuphunzitsa ena. Tsamba lililonse lotere ndi lofunika kusungidwa ndi tsiku lake, ndipo malo ngati Cultural and Museum Centre Karonga, amene anatsegulidwa mu 2004 kuti asunge mbiri ya bomali kuyambira nthawi ya chinyama chamakedzana chotchedwa Malawisaurus, ndi oyenera kukhala ndi bokosi la makalata ndi makope a ophunzira a zilembo za mwana wa m'dera lomwelo.

Kulandiridwa nakonso si mapeto a ntchito, ndipo nkhani ya Adlam ikuonetsa zimenezi. Ibrahima ndi Abdoulaye Barry, anyamata apachibale a ku Guinea, anapanga zilembozi mu 1989 kuti anthu a mtundu wa Fulani azilemba chilankhulo chawo. Kwa zaka zambiri ankakopera mabuku pamanja, kenako anagwiritsa ntchito mafonti obwereka manambala a zilembo za Chiarabu. Adlam inalowa mu Unicode 9.0 mu 2016. Zitatero panafunikabe kuti Google ipange fonti ya Noto ndi kuiika mu Android pamodzi ndi kiyibodi ya Gboard, ndipo Microsoft inaika zilembozo mu Windows 10 mu 2019, kudzera mufonti ya Ebrima. Zolemba zakale za m'mafonti obwereka sizinasinthike zokha: zinafunika kutembenuzidwa kupita ku manambala atsopano. Kuchokera pamene abale awiriwo anayamba kujambula zilembo zawo kufika pamene munthu wamba anatha kuzipeza mu Windows popanda kukonza kanthu, panadutsa zaka 30. Kuwerenga kuyambira Epulo 1979, zilembo za a Mwangwego zinakwanitsa zaka 45 m'chaka chimene Unicode 16.0 inatuluka.